Jekete la Joakina

Jekete ndinabwereka kwa Joakina lija
lili pa msomali kuno ku Bangula,
kumene mbuzi zimasaka mthunzi eyiti koloko isanakwane.
Nkhuku yayamba kuliyang'ana ngati chisa.

Mizinda isanu ndi inayi.
Ina mayina ake lilime linakana.
Tinkaimba mano akuombana,
ife a kwaya ya pakoleji,
Zuze wa besi nkutaya pasipoti kawiri konse.

Bambo afunsa: "Anakupatsani zingati?"
Ndawaonetsa zithunzi.
Abwerera ku thonje lawo.

Mayi sindinawauze
kuti nyimbo imene azungu anaiombera m'manja chiimirire,
ena mpaka kupukuta misozi,
ndi ija amakuwa nayo m'munda wa mapira
pothamangitsa mpheta,
mpheta zake osathawa n'komwe.