Lachinayi Masana ku Wolverhampton

Wailesi ya m'chipinda chochapira
imayamba yatsokomola, kenako n'kutchula nambala.
Chiwongoladzanja chakwera, akutero a ku banki yaikulu,
chakwera ndi kachidutswa chabe.
Koma bambo Sandhu, eni nyumba yathu,
nawonso ali ndi wailesi,
ndipo kalata yawo ifika mwezi usanathe.

Tikupinda nsalu zofunda za nkhalamba zam'mwamba.
Verlene akukutumula pilo ngati wamulakwira.
"Pampando paja pakanakhala mkazi," akutero,
"bwenzi akudziwa mtengo wa mkaka."
Ndavomera ndi mutu.

Madzulo Tinenenji wabwera kuchokera ku Birmingham
ndi mabuku a zachuma olemera ngati njerwa zootcha.
Ndamuuza za Verlene.
Waseka, nsapato imodzi ikadali kuphazi.
"Amayi, musaiphweketse.
Mwina mkazi ndiye angamange chingwe molimba,
poti maso onse ali pa iye,
kudikira tsiku limene adzafewe
kuti adzati: si izi tinkanena?"

Ndinafuna kumutsutsa.
Koma chisanu chatha chija, magetsi atakwera,
ndani ankazimitsa hita naini koloko?
Osati bambo ako.
Iwo ankanyang'ama usiku kukayatsa
ine n'kudzuka kukazimitsanso.
Ndani anaika shuga pamwamba pa kabati,
n'kulamula kuti tiyi wa m'kathumba kamodzi
akwanire makapu awiri?
Mchimwene wanga ataimba kuchokera ku Ntcheu
kupempha ya feteleza,
bambo ako anati tiona.
Amene anati ayi ndi ine.
Ndinakalirira m'basi ya ku Bilston,
nkhope nditalozetsa kuwindo,
ndipo palibe analemba misoziyo m'lipoti.

Ndiye sindikudziwa, mwanawe,
ngati dzanja logwira chingwe lili ndi chikazi
kapena chimuna.
Ndikudziwa kuti chingwe chili ndi nsonga ziwiri,
ndipo inayo imathera pakhomo pano,
m'envelopu yabulauni.

Ukadzakhala patebulo lalitali ku London,
pansi pa zithunzi za amuna a ndevu zotuwa,
sindikupempha kuti udzakhale wofewa.
Udzangoti, usanakweze dzanja,
ukumbukire kathumba ka tiyi kaja
kakuuma pasosala, kudikira kapu yachiwiri.

Ndacheuka kuti ndimve yankho.
Wagona pasofa, jekete osavula,
buku lili pachifuwa, mapazi ozizira.

Ndayang'ana mita.
Ndayang'ana mwana.
Popanda woponya voti wina aliyense,
ndayatsa hita mphindi makumi awiri.