Aphunzitsi Athetha Wilo

Lekeleni wabwera kope lili kunkhwapa, milomo ili tolo.
Analemba wilo.
Aphunzitsi athetha ndi inki yofiira,
akuti si Chichewa chimenecho, akafunse kwawo.

Kwawo kwake ndi pano,
patsinde pa mthethe, pa Kamwendo,
pamene ndamata machubu zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Khala pa tayala lakuthalo, mwanawe,
ugwire sipanala, ndikuuze zomwe msewu unandisiyira.

Dalaivala wa thanki, wa ku Tanzania,
anagona pano masiku atatu kudikira bawuti.
Iye ankati gurudumu. Ine ndinkati gudumu.
Tinaseka ngati tapezana pachibale pa maliro a eni.
Anabwereka kwa mnzake ndani, sindidziwa,
koma lathuli linataya chidutswa m'njira
ndipo likuyendabe.
Ukamvere ngolo ya fodya ikamawoloka Bua,
gudu, gudu, gudu,
mwina chinthucho chinadzitcha chokha.

Mnyamata wa Chibemba wodutsa pa Mwami
anandipatsira lopindika, nati umupeto.
Kwawo kupeta ndi kupinda.
Amayi ako akapeta, mankhusu amauluka,
iye akapeta, chitsulo chimaluma mchira wake.
Mawu amodzi, malichero awiri.

A Gwirize, amene anasiya mapapo ku migodi ya Joni,
ankati isondo,
n'kuonjeza kuti chiboda cha ng'ombe n'chomwechonso.
Ndiye kuti eni chinenerocho ataona ngolo koyamba
anayang'ana pansi, pa mphondero,
n'kunena kuti nayonso ili ndi mapazi.

Wa nyemba wochokera ku Mozambiki amati roda,
lilime likunjenjemera ngati sipoko yomasuka.
Ine ndimati loda, iye amapukusa mutu
koma ndalama amalipira.

Ndiye ku Lilongwe, kumene ndimapikula zigamba ndi guluu,
nkhalamba ya Chimwenye inatchula chakra.
Mdzukulu wake, wa magalasi, ali pa kauntala,
anandiuza kuti chakra ndi wilo n'za bere limodzi,
kuti kalekale, kutali, kunali anthu
amene poona chinthu chosatopa kubwerera pomwe chachoka
anachita chibwibwi, natchula kuzungulira kawiri.
Ana a liwulo anabalalika,
wina kum'mawa, wina kwa Angerezi,
wina n'kudzatsika basi pa Kamwendo, atavala fumbi lathu.
Ndinabwerako ndi zimenezo m'mutu,
guluu n'kuiwala pa kauntala.

Nanga njinga?
Atate anga ankati isanabwere yopalasayi
njinga inali kachizungulire kopotera thonje.
Dzina linatsika pa ulusi, n'kukwera chishalo.
Palibe anathetha.

Tsono mawa unene chiyani?
Lemba gudumu, alichonge, mtima wawo ukhale pansi.
Mkombero usungire tsiku lina.
Koma Lachisanu lapitali
aphunzitsi ako omwewo anafika pano thukuta lili kamukamu,
akukankha yawo yakuda ija,
ndipo pakamwa pawo panatuluka izi:
Akulu, wilo yakumbuyoyi ikupepeluka.
Ndinaiwongola. Ngongole yake ikadalipo.
Usakawakumbutse m'kalasi.

Lekeleni sakundimvanso.
Maso ali kumsewu
kumene mlongo wake Yotamu, malaya ali m'manja,
akuthamangitsa limu yopanda sipoko ndi kamtengo,
kudutsa pa ogulitsa mbatata, kudutsa pa chigayo,
agalu awiri pambuyo.
Sanafunse aliyense dzina lake.
Akungoti vuuu, vuuu,
ndipo chinthucho chikumvera.