Malita Atatu ndi Theka

Ndinakagula Loweruka, kagalimoto kotuwa,
kwa mayi wina wa ku Turffontein amene ankasamuka.
Makiyi anandipatsira m'kapepala ka buledi.
Buku lake panalibe. Anati linanyowa kalekale.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndikutsuka magalimoto a eni
pakona ku Rosettenville, zala zitang'ambika ndi sopo,
lero kanga, kanga ndithu, kaima pakhomo pa nyumba ya lendi.
Ndinati aka kokha kasamve ludzu.

Oyilo wakale ndinamukhetsera m'beseni,
chigubu cha malita asanu n'kuchipendeka chonse,
n'kuchigogoda kumbuyo
monga tichitira ndi botolo la mafuta ophikira mwezi ukamatha.

Lolemba, chisanu cha Julaye chikutafuna makutu,
ndinalowa msewu waukulu wa m'tauni.
Kumbuyo kwanga utsi wabuluu, tolotolo!
Mahutala a mathekisi anandizinga,
dalaivala wina anatsitsa galasi
n'kundiponyera Chizulu chosafuna womasulira.

A Mkwezalamba amagwirira kunsi kwa mlatho ku Jeppe.
Galaja yawo ndi katoni, jeki,
ndi masipanala asanu m'thumba la ufa.
Kwawo ndi ku Ntcheu, anachokako ine ndisanamere mano.
Moni sanandipatse. Anasolola kachitsulo koyezera,
anapukuta pansanza, anabwezera, anasololanso,
n'kukakweza kudzuwa ngati namwino woyang'ana jakisoni.

"Waona timizere tiwiriti?
Kam'munsi n'kanjala, kam'mwamba n'kokhuta.
Iwe wafika uku,"
chikhadabo chakuda chikuloza patali, kumtunda.
"Aka kamamwa atatu ndi theka, fyuluta ikakhala yatsopano.
Tina timamwa anayi. Uzifunsa buku, osati mtima.
Ukachulutsa amachita thovu m'katimo,
ndipo thovu siliteteza chitsulo."

Ndinati ndimangofuna kasavutike.
Analowa pansi chagada, msana pakatoni,
mawu awo n'kutulukira pakati pa matayala:
"Onse amatero."

Lita ndi theka anatsikira m'botolo la zakumwa,
akadali woyera ngati uchi.
"Tenga, ngwako. Tsiku lake lidzafika."
Kenako anati tidikire,
galimoto iime posapendekeka, injini ipume,
oyilo atsike yekha, angatinamize.

Tinakhala pamatayala akutha.
Pamwamba pathu mzinda unkadutsa, mlatho ukunjenjemera.
Foni inalira m'thumba, kawiri, kachitatu.
Chithunzi chija chinali chitafika ku Balaka:
chemwali akuti fizi,
alamu akuti feteleza wakwera,
amalume akuti poti wagula galimoto, malata khumi n'chiyani.
Zaka zonsezi ndakhala ndikupendeka chigubu,
ndikuchigogoda kumbuyo,
ine ndikugona ndi tiyi wopanda mkaka,
ndipo sindinafunsepo kuti kamzere kali pati.
A Mkwezalamba sanandifunse kanthu.
Ankasenda lalanje ndi manja a girisi,
anandigawirako mbali, inkanunkha galaja.

Atasololanso kachitsulo, chinyezi chinalekeza
pang'ono kunsi kwa kamzere kam'mwamba.
"Basi. Malandi makumi asanu.
Utsiwo utha wokha ukafika kumaloboti achitatu."
Unatha pa achisanu.

Tsopano Lamlungu lililonse, mahutala asanadzuke,
ndimatsegula boneti, mpweya ukufuka m'kamwa,
ndimapukuta kachitsulo pamalaya ong'ambika aja a kotsuka magalimoto.
Fizi ndinatumiza. Malata ndinati adikire Disembala,
amalume sanayankhebe.
Botolo lija lili kunsi kwa bedi, pambali pa pasipoti,
latsikako zala ziwiri.
Lero chinyezi chili pakati pa timizere.
Ndatseka boneti ndi manja awiri, pang'onopang'ono,
kuti ndisadzutse mwana wa aneba.