Timinda ta m'Chitsulo

Pa Nchalo, kuseri kwa sitolo ya a Alufazema,
ndatsegula mimba ya kompyuta yomwe inamira ku Makhanga.
Matope aumira m'mitsempha yake.
Mkatimo muli kambale kowala ngati mamba a makakana,
kokutidwa ndi chitsulo chopyapyala
kuposa mpweya wotsalira pagalasi ukapumirapo.

Nsayi wakhala pabenchi, nsapato zili m'manja.
Akufuna mawu a mwamuna wake,
aja anajambula akuseka pa chinkhoswe cha mlongo wake.
Akundifunsa, mawuwo amagona pati?

Ndimuuze bwanji?
Ndikuloza kunja, ku nzimbe za kampani.
Taona, mwera ukawomba
zonse sizigwadira nthawi imodzi.
Ndime iyi yaweramira kumpoto,
iyo idakali kuyang'ana ku Nsanje,
ndipo pakati pali malire oyenda pang'onopang'ono.
M'chitsulomu mulinso timinda totero,
tosaoneka ngakhale utatong'ola maso,
kalikonse ndi mbali yake yoloza.
Maginito akayandikira, kachigawo kamodzi kamayamba kutembenuka,
anzake n'kumatsatira,
malire n'kumakwawa
mpaka atakodwa pa kachilema ka chitsulo
monga madzi osefukira amazengereza pachulu.
Ukawonjezera mphamvu, amalumpha.
Munda wonse wayang'ana kwina.

Uku, uko, uko, uku:
kuseka kwa Jofilisi n'komweko.

Wakhala chete. Ntchentche yatera pa sikuludalaiva.
Malata akulira ndi dzuwa la Okutobala.
Sindinamuuze kuti kutentha nako kumagwedeza timindati,
kuti kakachepetsetsa kamatha kutembenuka kokha,
popanda woitana, usiku wina uliwonse,
monga Ruo anasiyira njira yake yakale
n'kudzera pakhomo pawo.

Ndapukuta fumbi ndi mpweya wa m'kachubu.
Ndasamutsira kambale m'thupi lina, manja akunjenjemera,
ntchito yoti sichitikira m'kashedi ngati kano.
Magetsi athima. Tadikira.
Wagula chimanga chootcha, wandibenthulira.

Abwera cha m'ma folo.
Kambale kazungulira, kakhosomola, kazunguliranso.

Timinda tambiri tagwiritsa, sitinasunthe.
Tina tagonja:
pakati pa chiganizo pali dzenje,
dzina la mwana ladukira pakati.
Koma kuseka kulipo,
kwa munthu wodula nzimbe, kokhala ndi utsi pakhosi.

Nsayi wavala nsapato imodzi.
Akuti, bwezanso.