Kugona ndi Nsapato

Mvula ya ku Todmorden siodira.
Imangolowa ngati mwini nyumba,
n'kukhala sabata yathunthu,
yopanda fungo la dothi, yopanda ngumbi,
ine n'kumawerenga madontho pazenera la chipinda 14
m'malo mowerenga mapilitsi a Mayi Sutcliffe.

Dzulo anayesa sayirini ya chigumula.
Pepala linali pabolodi kuyambira Lolemba:
n'kuyesa chabe, musade nkhawa.
Maso anawerenga. Maondo sadziwa kuwerenga.
Ndinangopezeka ndili khale pansi mukhonde,
tiyi atamwazika,
m'kamwa muli matope a ku Soche
amene ndinkati ndinalavula kalekale.

Phiri lija linatsika usiku, popanda sayirini.
Fatsani anali atangobwerera kukatenga wailesi.
Wailesiyo tinaipeza.

Dokotala Raman akuti magazi akuthamanga kwambiri.
Akufunsa: kuyambira wani mpaka teni, ululu uli pati?
Ndiyambire pati, adokotala?
Dzino la kumanzere ndalikukuta m'tulo mpaka laphwanyika.
Tsitsi likutsalira m'chipeso.
Mwezi wandidumpha kawiri, mwamuna ndilibe.
Pachifu pali khala losazima,
ndimwe mkaka, ndimwe madzi, lili ngwee.
Akulemba, akugwedeza mutu.
Akuti chepetsani mchere, chepetsani maganizo,
ngati maganizo ndi shuga
woti munthu n'kuchotsako supuni imodzi.
Andipatsa kapepala ka nambala ya aphungu.
Mzere wake, akuti, ndi miyezi inayi.

Si chigumula chokha ayi.
Madzi anaphwera, koma anasiya ana awo:
viza yotha mu Epulo,
lendi, mashifiti a maola khumi ndi awiri,
foni yosalephera kulira mwezi ukamatha,
malata, fizi ya mwana wa Fatsani, jakisoni wa shuga wa bambo.
Palibe chimodzi mwa izi chogwetsa munthu pachokha.
Chiswe chimadya nsichi cham'kati,
odutsa n'kumayamikira laimu wa kunja.

Mayi Sutcliffe ali ndi zaka 88.
Dzina la mwana wawo linawathawa,
sazindikiranso nkhope yawo pagalasi,
koma mvula ikangolimba padenga amafuna nsapato.
Amagona nazo.
Anzanga amawavula, amati ndi ukalamba.
Ine ndinamva kwa mphwawo
kuti mtsinje wa Calder unawalowera m'nyumba katatu,
kachitatuko unatenga piyano ndi zithunzi za ukwati.
Amuna awo anapulumuka m'madzimo,
mtima n'kudzawaima patapita miyezi isanu,
makoma asanaume n'komwe.
Pachikalata cha imfa sanalembepo mtsinje.
Salembapo.

Usiku uno ndawaveka ndekha,
zakuda zija zokutha chidendene,
ndamanga zingwe kawiri,
ndafunditsa bulangete kuti oyang'anira asaone.
Andigwira pamkono ndi zala zozizira.
Wamva? akutero.
Ndamva, mayi.
Palibe wanena kuti tamva chiyani.
Chinenero chawo ndimachipunthwa,
changa sachidziwa n'kamodzi komwe,
koma makutu athu ali pamalo amodzi,
kumtunda, komwe madzi amasonkhana asanaganize zobwera.

Takhala choncho mpaka cha m'ma folo.
Mpweya wawo wayamba kutalika.
Wanga waulondola pang'onopang'ono
ngati mbuzi yotsatira inzake pamlatho wa mitengo.
Mapewa amene ndawanyamula m'makutu chaka chonse
atsika okha, osandiuza.

Kwacha, ngati uku n'kucha.
Basi ya ku Halifax yadutsa ikuwaza madzi.
Kapepala ka adokotala kafewa m'thumba la yunifolomu,
manambala awiri afufutika, koma akuwerengeka.
Ndiimba ikakwana naini. Ndikhala pamzerewo.

Ndikafika kuchipinda changa
ndikatseka katani, ndikakhala pabedi,
ndikayang'ana mapazi angawa
amene sanagonepo osavala chichokere kwathu.
Ndikavula imodzi.
Imodzi kaye.