Mtengo wa Kubwerera

Kuno ku Magallanes mitengo siima chilili.
Yonse inawerama kuloza kum'mawa
ngati anthu amene anakankhidwa kalekale
osawongokanso.
Bambo anga, Eladio Barría, nawonso amayenda choncho,
phewa limodzi patsogolo,
ngakhale m'nyumba.

Lachiwiri nkhosa makumi anayi zinabowola mpanda wa waya.
Hatchi inali kutsimphina,
ndiye ndinatulutsa droni m'chikwama,
kanthu kopepuka ngati buledi,
n'kukakhazika pa chitseko chakumbuyo cha galimoto
kuti kawerenge masetilaiti
ndi kuloweza malo amene kadzawatche kwawo.

Bambo ananyowetsa chala n'kuchiimika.
Nelda, anatero, iyi ya pansiyi ndi mwana chabe,
mayi wake ali m'mwambamo.

Ndinamva, koma ndi khutu limodzi.

Popita, ha, popita!
Mphepo inakabereka kumsana,
makilomita awiri ndisanamalize kupukuta mphuno,
batire ili mbuu, yokhuta.
Ndinadziona katswiri.
Pagalasi la foni nkhosa zija zinaoneka m'chigwa,
zoyera mbee, zomwazika ngati mpunga wotayika pa mkeka.
Ndinaziwerenga kawiri. Ndinazijambula.
Kenako ndinadina batani lija lolonjeza:
bwerera kwanu.

Kanthu komvera!
Kanayamba n'kukwera mamita zana,
monga ndinakauzira mwezi watha, tsiku la bata,
poopa mawaya a magetsi,
n'kukagwera m'manja mwa mayi uja.

Kanaloza mphuno kwa ife.
Timapiko tonse tinayi tikukuwa,
koma nambala ya mtunda ili chiimire.
1,900.
1,900.
1,912.
Kanali kubwera kwawo chobwerera m'mbuyo.

Makina anawerenga mtunda,
anawerenga moto wotsala m'batire,
koma mphepo sanaifunse.
Iwo amayesa njira yopita ndi yobwerera n'njofanana.
Mchimwene wanga Lisandro ankayesanso choncho
tsiku lomwe anakwera basi
kupita ku migodi ya kopa, kumpoto kowuma.
Anati ndibwera pa Khirisimasi.
Tadya Makhirisimasi asanu,
mbale yake ikungosonkhanitsa fumbi pashelefu.

Batire: makumi atatu. Makumi awiri ndi zisanu.
Foni ikulira ngati mwanankhosa wokodwa mu waya.
Bambo duu, akuyang'ana kumene kulibe kanthu.

Ndinalanda ulamuliro kwa makina.
Zala zitauma ndi chisanu, ndinakatsitsa,
pansi, pansi ndithu,
mpaka udzu unayamba kuoneka umodziumodzi.
Ndinakalowetsa m'khwawa,
kuseri kwa chitunda komwe mphepo imafika itatopa,
kakuyenda mokhotakhota
ngati hatchi yokwera phiri ndi katundu.
1,400.
900.
Ndinaiwala kupuma.

Sikanafike.
Patatsala mamita mazana atatu kanadzitsitsa kokha,
osandifunsanso,
n'kutera m'chitsamba cha minga.
Galasi linada bii.

Tinakapeza ndi galu, dzuwa litapendeka,
phiko limodzi litathyoka,
kamagetsi kofiira kakuphethirabe pang'onopang'ono.
Bambo anakatola n'kukaika m'jekete, pachifuwa,
monga amachitira ndi mwanankhosa wobadwa m'chipale.

Mawa, anatero tikubwerera,
uyambe n'kulimbana nayo udakali ndi mphamvu.
Pita moyang'anizana nayo.
Ukatopa, yomweyo idzakuperekeza kwanu.

Nkhosa tinakazitenga wapansi, mmawa wake.

Usiku uno malata akugwedezeka.
Ndamanga phiko latsopano, batire ili pamoto,
ndipo ndalembera Lisandro uthenga kachitatu,
kawiri konse n'kufufuta.
Ndasiya kumufunsa kuti ubwera liti.
Ndangoti: usakwere m'mwamba kufuna kufika ngati bwana,
ndi galimoto, ndi mphatso za aliyense.
Tsika. Bwera chokwawa, m'makhwawa, ndi chikwama chimodzi.
Ukatsala pang'ono mphamvu n'kukuthera,
tera pomwepo.
Tili ndi galu wodziwa fungo lako.