Labala Watsopano

Labala wakale watuluka zidutswazidutswa,
wouma ngati zikang'a za kuchidendene,
ndipo pansi pake ndapezapo zonse:
fumbi la msewu wa ku Makanjira,
mamba a usipa, wani tambala yakuda bii,
kachitsa ka fodya wa bambo.

Che Twaibu, makaniko wa pa M'baluku,
sanagwireko, angoloza ndi mlomo:
"Pala dzimbiri kaye. Usathamangire guluu.
Nyowetsa ndi madzi a sopo,
yambira pakona, ndipo usakoke,
labala wokoka amabwerera iwe uli mtulo."

Ndakankha ndi chala chachikulu
kuzungulira chitseko chonse
mpaka chikhadabo kuda, mpaka thukuta
kudonthera pampando wong'ambika uja.
Pagalasi pandivuta. Ndatukwana kawiri.
Ndadula mopereweza, ndalumikiza.

Zaka makumi awiri pikapu iyi
inkaimba likhweru pokwera ku Namwera,
mvula inkalowa kudzakhala pabondo lakumanja,
bambo n'kumati, "Isiye, ndi pasenjala ameneyo,
salipira koma amacheza."

Lero ndamenyetsa chitseko.
Sichinalire ngati chitini.
Changoti phi.

Ndawoloka mlatho wa Shire magalasi otseka,
mphepo ikungosuzumira kunja,
fumbi likusowa polowera.
M'kati muli zii
ngati nyumba imene anthu a pamaliro angochokamo.

Pachitunda cha Chowe
ndatsitsa galasi pang'ono,
kampata ka chala chimodzi basi,
kuti pasenjala uja akwere.